Kenrokuen ndi wokongola, koma anatidyera pageti

Chiikireni chithunzi chija ndili m'mbali mwa dziwe la m'munda wokopa alendo wa Kenrokuen, mumzinda wa Kanazawa kuno ku Japan, foni yanga sikupuma. Ena mwafika poti "achimwene, zanu zayera, mutikumbukire". Imvani kaye mmene chithunzicho chinapezekera.

Mnyamata wina wa ku Africa konkuno ku Japan, amene amakonzera anthu maulendo a Loweruka, anatilipiritsa 25,000 yen aliyense. Akuti zonse zilimo: basi, nkhomaliro, polowera. Tinalipo anthu 11. Titafika pageti la munda wa Kenrokuen anatikokera pambali n'kunena kuti mtengo wakwera, tiwonjezere 2,000 yen aliyense, matikiti akagula yekha poti ife Chijapani sitimva. Tinapereka osafunsa. Potuluka m'pamene ndinaona chikwangwani, manambala ake oti ndi mwana yemwe angawerenge: wamkulu 320 yen! Werengerani nokha zimene analowetsa m'thumba pa mphindi zisanu, munthu amene ankatitchula kuti abale.

Mundawo sindingaunyoze ayi. Unali wa banja la Maeda lomwe linkalamulira chigawochi, ndipo anthu wamba anayamba kulowamo mu 1874. Tinapita mu November, nthawi imene amamanga nthambi za mitengo ya paini ndi zingwe zotsika kuchokera pamwamba pa mzati kuti chipale chofewa chisazithyole. Ajapani amati yukitsuri. Ndinaima nthawi yaitali ndikungoyang'ana. Panyali yamwala ya miyendo iwiri ija, imene mwaiona pachithunzi, pamakhala mzere ngati wa kuchigayo.

Wachilungamo tinakumana naye mmodzi: agogo ena aamuna amene amaperekeza alendo mongodzipereka. Ndiwo anatiuza kuti m'mamawa kwambiri, geti lisanayambe kugulitsa matikiti, anthu amalowa ulere. Nditawatambasulira 1,000 yen anakana, mpaka manyazi anandigwira ndine.

Nkhomaliro yolonjezedwa ija sitinaione. Mnyamata uja anatisiya pamsika wa Omicho, foni n'kuzimitsa. Mbale ya mpunga wa nsomba zosaphika inandidyera 3,000 yen, ine mwana wa ku Nkhotakota wokulira chambo chootcha. Ku Higashi Chaya, dera lakale la nyumba zomwera tiyi, ndinagula ayisikilimu wokutidwa ndi golide wopyapyala pafupifupi 900 yen. Golideyo sakoma chilichonse, amangomata milomo. Madzulo pamalo omwera anatiikira kambale ka ndiwo komwe sitinaitanitse, tinkayesa mphatso, koma kanatulukira pabilu. Dzina lake ndi otoshi, ndipo kukangana nawo n'kutaya nthawi.

Inu amene mukugulitsa munda wa makolo kuti mubwere kuno chifukwa cha zithunzi, dziwani kuti tsiku limodzi lija linandidyera ndalama za masiku angapo oimirira mufakitale. Mukabwerabe, tikiti gulani nokha pawindo, ndipo wonena kuti "zonse zilimo" akulembereni zimene zilimozo.

Za mphatso mwatumiza mndandanda wautali, ena mpaka kimono. Ndagula timitengo todyera, tiwiritiwiri tokwanira anthu anayi, m'sitolo ya zinthu za 100 yen. Mugawane.