Moshav kapena 8th Day: muyambe ndi ati?

Ngati mukufuna kulawa nyimbo za rock zozikika m'chikhulupiriro cha Chiyuda, yambani ndi magulu awiriwa, ngakhale kakomedwe kawo n'kosiyana kutalitali.

8th Day ndi gulu la pachibale, Shmuel ndi Bentzi Marcus a ku California, Ayuda a Chabad, nthambi ina ya chipembedzo cha Chiyuda. Awa ndi a chisangalalo basi. Amasakaniza Chingerezi, Chiheberi ndi Chiyidishi, nyimbo zake zovinitsa pa ukwati, zoti ngakhale ana amaloweza msanga.

Koma ine mtima wanga uli kwa a Moshav. Anyamatawa anakulira ku Mevo Modi'im, mudzi wa ku Israel umene anaukhazikitsa Rabbi Shlomo Carlebach, mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda amenenso anali woimba, kenaka anasamukira ku Los Angeles. Mawu a Yehuda Solomon, wotsogolera kuimba m'gululi, amapindika ngati a wotsogolera mapemphero m'sunagoge. Gitala n'kumalira pansipansi, ng'oma ya m'manja ikugunda, nyimbo n'kumakwera mpaka thupi kuchita tsembwe. Mu 2019 moto wolusa unapsereza mudzi wawowo, nyumba zambiri n'kusanduka phulusa. Chidziwireni zimenezi, ndikamawamvera usiku m'nyumba mutati zii, misozi imalengeza m'maso.