Fruit tart ngati ya ku bekale: mtanda uti, kasitadi uti, chonyezimiritsa chiti?

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti ma fruit tart aja amaikidwa m'magalasi ku bekale amakoma chifukwa cha zipatso zake, kuti mwina iwowo amapeza masitiroberi ena apadera amene ifeyo sitiwaona. Ayi ndithu, zipatso ndi zomwezi. Nkhani yagona pa chigoba chapansi chija. Ya ku bekale ukaidula mpeni umamveka kuti ukudula chinthu chouma, pomwe yathu yakunyumba pofika madzulo pansi pamakhala patanyowa ngati buledi wogwera mu tiyi. Nde anzanga amene mukufuna kuyamba, ndati ndikuyalireni zimene ndayesa mbali ndi mbali, musankhe nokha, ngakhale ine sindibisa kumene ndatsamira.

Tiyambe ndi mtanda poti ndi pamene pali mkangano weniweni. Woyamba ndi umene a ku France amati pâte sucrée, mtanda wotsekemera. Muyezo wosavuta kuloweza ndi 1-2-3: shuga wa icing magalamu 100, bata 200, fulawa 300, kuonjezerapo dzira limodzi ndi kamchere. Umenewu umakwana ma tart awiri a masentimita 23, winawo mutha kuusunga mu fiza. Mumayamba kutakasa bata wofewa ndi shuga, kenako dzira, fulawa pomaliza, ndipo fulawa akangolowerera basi siyani pompo, osakanda ngati mukupanga buledi. Mafuta a bata aja amakuta fulawa nde gluten, puloteni ya mu fulawa imene imapangitsa mtanda kutamuka, sapangika wambiri, n'chifukwa chake ukapsa umakhala ngati bisiketi, wouma, wosabwerera m'mbali. Vuto lake umamata ukafunda, ndipo poyala umang'ambika. Koma musataye mtima, pong'ambikapo mumangomatapo ndi chala kachidutswa kena, ukapsa palibe angadziwe.

Wachiwiri ndi pâte brisée, uja mumatikitira bata wozizira mu fulawa ndi nsonga za zala kenako n'kuthira timadzi tozizira, shuga pang'ono kapena osaika n'komwe. Anthu ambiri amayambira pamenepa chifukwa suvuta kuyala. Koma madzi ajawo ndi amene amadzutsa gluten, nde mukaukanda mopitiriza olo pang'ono, mu uvuni umakhwinyata, m'mbali mumatsika, mumapezeka mwatulutsa mbale yafulati yopanda poikira kasitadi. Ndi mtanda wabwino zedi pa tart ya maapozi yophikira limodzi ndi zipatso zake, kapena quiche, tart yamchere ya mazira. Pa tart ya kasitadi wozizira ine ndimauona kuti umafewa msanga ndipo kakomedwe kake sikagwirizana kwenikweni, umakhala ngati wabwera pa phwando la eni.

Wachitatu ndi wa mabisiketi ophwanya, ma digestive magalamu 250 ndi bata wosungunula cha m'ma 110, kusakaniza, kutsendera mu thini ndi pansi pa tambula, mu fuliji. Mphindi 15 mwamaliza, uvuni osayatsa. Sindiunyoza, wandipulumutsapo kangapo alendo atandidzidzimutsa. Koma tisanamizane, chimenecho ndi chigoba cha cheesecake, podula chimayoyoka ndipo munthu sanganyamule chidutswa m'manja ngati ya ku bekale. Puff pastry yogula, mtanda uja wa timagawo topyapyala, nayo ndi nkhani ina, imafufuma bwino koma ikakhala ndi kirimu kwa maola angapo imasanduka ndafundafu. Ine voti yanga ili pa sucrée, ndipo sindikayika.

Bata kapena majarini? Bata amakhala ndi mafuta pafupifupi 80 pa 100 alionse, amauma gwa mu fuliji ndipo zimenezi zimathandiza kuti mtanda ugwire. Majarini wa buloko wophikira amagwira ntchito, kungoti fungo lija la bata simulipeza. Amene muyenera kumuthawa ndi wofewa wa m'kontena wopaka pa buledi, ambiri mwa amenewo madzi ndi ochuluka, mtanda umangokhala phwetephwete olo muusiye mu fuliji usiku wonse.

Kuphika chigobacho ndi pamene ambiri timalakwitsa posatengera mtanda umene tasankha. Mtanda upume mu fuliji ola limodzi kapena awiri, muuyale mpaka kuchindikala kwa mamilimita atatu, muike mu thini, mubwezenso ku fiza mphindi 20 mpaka 30. Kenako kuboola ndi foloko, pepala lophikira pamwamba, nyemba zouma kapena mpunga kuti zitsendere, madigiri 180 kwa mphindi 15 mpaka 20, kuchotsa nyemba zija, kubwezanso mphindi 10 kapena kuposerapo. Mantha athu amakhala akuti chipserera nde timatulutsa chikadali mbuu. Chigoba choyera ndi chosapsa, ndipo chosapsa chimayamwa madzi. Dikirani pansi pomwe pafiirire, osati m'mbali mokha.

Za thini sindichedwapo. Thini ya malezamaleza m'mbali yochotseka pansi ndi yokhululuka, woyamba kumene agule imeneyo. Ma ring, zitsulo zozungulira za timabowo zophikiramo chigoba, amapatsa m'mbali mowongoka bwino ngati za akatswiri ndipo nthunzi imatuluka mosavuta, koma alibe pansi nde amafuna thireyi yosapindika komanso dzanja lozolowera. Kakomedwe n'chimodzimodzi.

Tsopano kutseka chigoba kuti kasitadi asachinyowetse, apa pali njira ziwiri ndipo zonse n'zabwino kungoti zimasiyana kutalika kwa nthawi. Dzira lomenya mumapaka chigoba chikatsala pang'ono kupsa, n'kubweza mu uvuni mphindi zinayi kapena zisanu, limauma ngati vanishi, silisintha kakomedwe, limagwira bwino ngati tart idyedwa tsiku lomwelo. Chokoleti choyera chosungunula mumapaka chigoba chitazizira, ndipo poti ndi mafuta madzi sadutsa, mawa lake mumapezabe pansi pali pouma. Koma pakani mopyapyala ndi burashi. Ine ulendo wina ndinathira ngati ndikuwaka nyumba, podula mpeni unakana, nditakakamiza tart yonse inang'aluka pakati masitiroberi n'kugubuduka pa tebulo alendo akuona.

Kasitadi. Weniweni, crème pâtissière, ndi mkaka mamililita 500, zachikasu za mazira anayi, shuga magalamu 100, konifulawa 40, bata 30 ndi vanila. Mumamenya zachikasu ndi shuga ndi konifulawa, kuthiramo mkaka wotentha pang'onopang'ono mukutakasa kuti mazira asapse, kubwezera zonse mu poto. Apa mvetserani chifukwa ndi pamene ndinagwapo. Akangoyamba kulimba mtima umati chotsa, apserera. Musachotse. Msiyeni abwadamuke, thovu lizichita kuti phu phu, mukutakasabe mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mu chikasu cha dzira muli enzyme yotchedwa amylase imene imadya sitachi wa mu konifulawa uja, ndipo ikapanda kufa ndi moto imapitiriza ntchito yake mu fuliji. Ine ndinagona kasitadi ali wolimba bwinobwino, m'mawa ndinapeza supu, ndinkachita kuganiza kuti fuliji yawonongeka. Musaope kuti mazira adukaduka, konifulawa uja amawateteza. Akapsa, bata, kenako pulasitiki yokhudza pamwamba penipeni kuti pasachite khungu, azizire. Akazizira amakhala ngati jeli, mummenye kaye asalale musanathire.

Nanga wa paudala? Kasitadi wa paudala anamupanga Alfred Bird ku Birmingham mu 1837 chifukwa mkazi wake mazira ankamuwenga, nde mwachibadwa chake mulibemo dzira, ndi konifulawa, mtundu ndi zonunkhiritsa. Ubwino wake savuta, sakusungunukirani usiku, ndipo ngati m'nyumba muli amene sadya mazira ndi yankho lake. Kungoti muyezo wa pa paketi nthawi zambiri ndi wa kasitadi wothira, nde pa tart muonjezere paudala kuti alimbe. Kakomedwe ndiye n'kopepera, chikasu chake chimakuwa, aliyense akaluma amadziwa. Kabata pomaliza ndi vanila wabwino zimamukweza ndithu, koma samufika weniweni. Kusiyana kwa ntchito ndi mphindi mwina zisanu ndi mbale imodzi yotsuka, nde ine sindiona chifukwa chothawira mazira.

Kirimu womenya yekha ayi, amalira madzi pakangopita maola ochepa ndipo zipatso zimamira. Koma mukatenga kirimu womenya n'kumusakaniza mofatsa mu kasitadi wozizira uja, mbali imodzi kirimu mbali ziwiri kapena zitatu kasitadi, eee, zimapepuka bwino kwambiri. Akaikamonso jelatini pang'ono ndi uja amamutcha crème diplomate. Pa tart yoti iyenda ulendo pa galimoto ndimakhalabe pa kasitadi wolimba.

Zipatso zatsopano zimaposa za m'chitini pa maonekedwe, koma mapichesi a m'chitini osawapeputsa, ndi ofewa mofanana, odulika bwino, bola muwakhetse ndi kuwapukuta ndi pepala mpaka aume. Za mu fiza zokha ndiye iwalani, zikasungunuka zimakha madzi ofiira kasitadi yense n'kuthimbirira, zisungireni jamu. Masitiroberi, mphesa, ma blueberry, mango okhwima osafewetsa, zonsezi zimakhala bwino. Nthochi ndi maapozi zimada msanga pokhapokha muzipake madzi a mandimu, mavwende ndi madzi okhaokha. Mukatsuka chipatso chilichonse chiume kaye, dontho limodzi limene mwalisiya lidzatsikira pansi basi. Kiwi, chinanazi ndi papaya zosaphika zili ndi ma enzyme odya mapuloteni, kiwi akakhalitsa pa za mkaka amayamba kuwawira, nde muikeni chakumapeto, pamwamba pa zipatso zina ngati n'kotheka. Chinanazi cha m'chitini vuto limeneli chilibe poti chinaphikidwa kale.

Ndipo ma enzyme omwewa ndi amene amagamula mlandu wa chonyezimiritsa, chija timapaka pamwamba pa zipatso kuti ziwale. Jelatini amaoneka mbee ngati galasi, koma jelatini ndi puloteni, nde pa kiwi kapena chinanazi chosaphika sagwira, amangoyenderera. Komanso akachuluka amatafunika ngati labala. Jamu wa apricot, masipuni atatu ndi sipuni imodzi ya madzi, kutenthetsa, kusefa, amagwira ndi pectin, cholimbitsa chochokera mu zipatso, osati puloteni, nde alibe nazo ntchito za ma enzyme, amakoma, amateteza zipatso kuti zisafote. Amasiya kachikasu pang'ono, pa zipatso zofiira zokhazokha mutha kugwiritsa jamu wofiira wosefa. Ma bekale ambiri amagwiritsa nappage, yomwenso ndi ya pectin koma yopanda mtundu, mukaipeza ndi bho, koma pa tart imodzi ya pa Sabata jamu akukwana. Shuga wa icing wowaza ndi wa chithunzi chabe, mphindi zochepa wasungunuka. Popaka jamu akhale wofunda osati wotentha, ndipo burashi muzigunditsa pang'onopang'ono, mukamakoka ngati mukupenta khoma zipatso zimasuntha mizere yonse n'kusokonekera.

Ine ndimapanga mtanda ndi kasitadi dzulo lake, chigoba ndimaphika n'kuchisunga m'chitini chotseka kunja kwa fuliji, kuphatikiza zonse ndimachita patatsala maola awiri kapena atatu kuti tidye. Podula tengani mpeni wa manomano, muzicheka modekha mpaka mudutse zipatso kenako mutsindike kamodzi, ndipo muzipukuta mpeniwo musanadule chidutswa china.