Miyezi 8 ndi foni "yosagwedeza" kanema

Foni iyi ndinaigula chifukwa cha kanema mmodzi. Poilengeza anaonetsa munthu akuthamanga pamiyala uku akujambula, chithunzi chili phee ngati kamera yakhazikidwa patebulo. Pano yatha miyezi 8 ili m'thumba mwanga.

Masana ilibe mlandu. Ndimajambula mwana akupalasa njinga, ine ndikumuthamangira pambuyo, kanema n'kutuluka wosalala ndithu. Zimavuta dzuwa likalowa. Foniyi imabisa kugwedezeka podula m'mphepete mwa chithunzi n'kumasuntha chotsalacho, koma kukada kamera imatenga nthawi yotalikirapo kuti ikole kuwala. Ndiye phazi langa likangogunda pansi, nkhope ya mwana imachita chimbuuzi, magetsi n'kumanjenjemera ngati ali m'madzi. Ndikajambula 4K (kanema wooneka bwino kwambiri) kupitirira mphindi 10, kumsana kumatentha, sikirini n'kudzithimitsira yokha kuwala. Batire ndiye ilibe vuto, imafika madzulo.

Mnzanga amati zionetsero zotsatsa malonda zonsezi n'zachinyengo, ndipo ali ndi pogwira. Mu 2012 Nokia inapepesa anthu ataona kuti kanema wa Lumia 920, wa mtsikana ali panjinga, sanajambulidwe ndi foniyo: pawindo lina panaonekera galimoto muli munthu atanyamula kamera ina. Mu December 2023 Google nayo inavomera kuti kanema wa Gemini, pulogalamu yake ya AI yoyankha mafunso, anamufupikitsa, komanso kuti Geminiyo ankaipatsa zithunzi ndi mafunso olemba, osati kucheza nayo pakamwa monga zinkaonekera.

Koma ine sindikhulupirira kuti kanema amene anandikopa uja anali wabodza. Akufanana ndi zomwe Steve Jobs, yemwe anali mkulu wa kampani ya Apple, anachita mu January 2007 poonetsa iPhone yoyamba. Foni inali yeniyeni, koma yosamalizidwa, moti ankatsata ndondomeko imodzi yomwe anaiyeserera kambirimbiri kuti isazime anthu akuona. Otsatsa foni yanga aja nawonso anasankha dzuwa lowala, masekondi ochepa, foni yozizira bwino. Sananame, anangondiyendetsa njira imene anailambula okha. Chimandiwawa n'chakuti pamenepo sungaloze chala pena paliponse n'kunena kuti bodza ndi ili.

Foniyo sindiigulitsa. Kungoti madzulo ndimaitsamiritsa pampando, n'kumuuza mwana kuti azizungulira pafupi ndi babu.