Kunyamula bokosi limodzi muli awiri mu VR: mmene Wi-Fi yachitira patapita miyezi

Zida zake ndi magalasi awiri a VR (oonetsa dziko la m'kompyuta ngati muli momwemo), zogwirira ziwiri zooneka ngati cholembera zomwe zimakankha dzanja ndi timamota, iliyonse yolumikizidwa pa laputopu ndi USB, ndipo malaputopuwo ali pa Wi-Fi 6. Ntchito ndi yoti anthu awiri anyamule bokosi limodzi la m'kompyuta, aliyense akumva kukoka kwa mnzake. Zimatheka ndithu, bola Wi-Fi isasenzetsedwe ntchito yonse ya dzanja.

Maso savuta, zithunzi 90 pa sekondi zimawakwanira. Dzanja ndiye lovuta. Kuti khoma limveke lolimba, mphamvu yokankha iyenera kuwerengedwa ka 1,000 pa sekondi. Uthenga ukachedwa, timamota timakankha potengera pomwe dzanja linali kale, ndiye bokosi limayamba kunjenjemera, chogwirira n'kumalira ngati njuchi.

Kugula rauta (kachipangizo kogawa Wi-Fi) yothamanga kwambiri sikuthandiza, chifukwa mapaketi a dzanja, timagawo ta uthenga totumizidwa pa netiweki, ndi ting'onoting'ono. Chimasokoneza ndi kuchedwa kosinthasintha. Pa Wi-Fi zipangizo zimalankhula mosinthana, moti foni imodzi ikangoyamba kukopera kanema, mapaketi a dzanja amaima pamzere kenako n'kufika mulu. Kuchedwa kosasintha dzanja limazolowera, koma uku ayi.

Choncho rauta ikhale ya ntchitoyi yokha, pa 5 GHz, tchanelo 36 mpaka 48. Matchanelo a DFS, omwe Wi-Fi imagawana ndi radar, oyambira pa 52, amachititsa rauta kusamuka ikamva radar, ndipo bokosi limagwera pomwepo. 2.4 GHz isiyireni Bluetooth. Zimitsaninso power saving (kusunga moto wa batire) pa khadi la Wi-Fi, ndipo muzionanso pambuyo pa update iliyonse, poti nthawi zina imadziyatsanso mwakachetechete. Pa njira ziwiri zotumizira mapaketi, UDP ndi TCP, tumizani ndi UDP. TCP imabwereza paketi yotayika, zinzake zikudikirira kumbuyo, chonsecho paketi yakale ilibenso ntchito.

Chomwe chathandiza kwambiri chili m'pulogalamu. Laputopu iliyonse isunge bokosi lakelake ndi kuwerengera mphamvu pompo, mabokosi awiriwo amangidwe ndi sipuling'i ya m'kompyuta yokhala ndi damping, yomwe imachepetsa kunjenjemera. Musatumizenso paketi iliyonse: mphamvu ikasintha mosafika pa 10%, dzanja nthawi zambiri silizindikira, ndiye palibe chifukwa chodzazira netiweki. Kuipa kwake, damping ikachuluka bokosi limamveka lolemera ndi laulesi, ndipo ntchito yosamala, monga kulowetsa bawuti m'bowo, imatopetsa mkono.

Zida zokha sizinafooke. Pukutani fumbi m'molumikizira mikono ya zogwirira, ndipo musanayambe bwezani cholembera m'kabowo kake kuti chidziwe poyambira.

Pa mtunda musayembekeze zozizwitsa. Kuwala mu faiba (waya wagalasi wa intaneti) kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi, choncho mnzanu akakhala pa makilomita 100, milisekondi yathera m'njira popita ndi pobwera, rauta isanawonjezepo yake. Kwa awiri otalikirana chotero, lumikizani malaputopu onse ndi waya wa Ethernet, Wi-Fi itsalire magalasi okha.