Mbaula ya Chitetezo: Zimene Imakwanitsa ndi Zimene Singathe

Mbaula ya Chitetezo ndi ya dongo lowotcha, yozungulira, yokhala ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timitu pamwamba pokhazikapo mphika, ndiponso zogwirira m'mbali. Imene timagwiritsa ntchito pakhomo pathu, kuno ku Salima, inaumbidwa ndi gulu la amayi a m'mudzi woyandikana nafe, ndipo mtengo wake ndi woti banja lodalira ulimi likhoza kuukwanitsa popanda kulowa m'ngongole. Mbaula zotere zinafala m'midzi boma litalengeza mu 2013, pa nthawi ya ulamuliro wa Mayi Joyce Banda, kuti likufuna mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020.

Ubwino wake waukulu uli pa nkhuni, ndipo pamenepa sindikayika konse. Pa mafuwa, moto umamwazikira mbali zonse, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, moti wophika amangosonkhezera nkhuni koma mphika osawira. Mbaulayi imatsekera moto m'kati, dongo likatentha limasunga kutenthako, ndipo ndiwo za nyemba zimapitiriza kubwata ngakhale malawi atazirala. Sifuna zikuni zikuluzikulu ayi: timitengo touma, zisononkho za chimanga ndi mapesi a nandolo zimayaka bwino, zinthu zimene kale tinkangozisiya m'munda kapena kuzitentha pososa. Mtolo umodzi umakhalitsa kuposa kale, ndipo amene amadziwa bwino phindu la zimenezi ndi amayi ndi atsikana, chifukwa ndiwo amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni pamene mitengo ya pafupi ndi mudzi inatha kalekale. Imanyamulikanso, choncho mvula ikayamba mumangoilowetsa pakhonde, ndipo mwana wokwawa sagwera pamoto mosavuta monga zimakhalira pa mafuwa.

Zofooka zake ziliponso, ndipo oigulitsa sazitchula kawirikawiri. Dongo ndi dongo basi: mbaula ikagwa kapena ikathiridwa madzi ili yotentha imang'aluka, ndipo imene sinapse bwino mu uvuni siona mvula ziwiri. Pogula, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira ndi mawu omveka, pamene yosapsa imangoti phu. Povundula nsima ya banja lalikulu pamafunika kugwira poto mwamphamvu chifukwa timitu tija sitigwira mphika monga mafuwa ozikika pansi, ndipo pa maliro kapena pa chinkhoswe, pamene pakuphikidwa thobwa la mumgolo, palibe amene amaiganizira n'komwe. Usiku wa m'nyengo yozizira ana amadandaula kuti sangaothepo moto.

Pa nkhani ya utsi ndikufuna kuchenjeza, popeza dzina lakuti Chitetezo limachititsa ena kuyembekezera zambiri. Utsi umachepa ndithu nkhuni zikakhala zouma, koma sutheratu, ndipo kuphikira m'khitchini yopanda zenera kumalizabe misozi. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, pogwiritsa ntchito mbaula zina zamakono kwambiri zokhala ndi chokupizira mphepo, anapeza kuti chibayo sichinachepe mwa ana aang'ono a m'mabanja amene analandira mbaulazo. Ngati zinali choncho ndi mbaula zodula, sindiona chifukwa chouzira mayi kuti ya dongo itchinjiriza mwana wake ku matenda a m'chifuwa.

Funso lalikulu ndi lakuti kodi mbaulayi ikuthandizadi pa vuto limene boma linaibweretsera, la kutha kwa nkhalango ndi kusintha kwa nyengo. M'dziko muno mabanja oposa 90 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, choncho n'zomveka kuti ndondomeko za boma, kuyambira ija ya kusintha kwa nyengo ya 2016 mpaka ya makala ya 2017 mpaka 2027, zimabwerera kukhitchini. Mu 2021 Malawi analonjeza mayiko anzake kuti pofika 2040 adzachepetsa mpweya wotenthetsa dziko ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene zikanakhalira popanda kuchitapo kanthu, koma mwa chiwerengerochi, 6 peresenti yokha ndiyo imene dziko linati lingathe ndi ndalama zakezake, pamene yotsalayo ikudikira thandizo lakunja. Mpweya umene timatulutsa ife ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wa mayiko olemera, komabe namondwe wa Freddy mu March 2023, kusefukira kwa mtsinje wa Dwangwa ku Nkhotakota mu February 2024, ndi chilala cha chaka chomwecho chimene chinachititsa kuti maboma 23 alengezedwe kuti ali pangozi, zonsezi zinagwera ife. Mitengo ya m'mapiri ndiyo imachedwetsa madzi asanafike m'zigwa zathu za m'mbali mwa nyanja, ndipo ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene munthu wa ku Salima ayenera kusamalira nkhuni.

Apa ndi pamene mphamvu ya mbaulayi imathera. Mitengo ya m'nkhalango ya Thuma siikutha chifukwa cha timitengo ta amayi ophika nsima m'mudzi, koma chifukwa cha matumba a makala amene aliyense woyenda pa msewu wa M14 amawaona pa njinga akulowera ku Lilongwe, ngakhale kuti lamulo la nkhalango linakhwimitsa zilango mu 2020. Onjezanipo nkhuni zowambira nsomba m'madooko ndi zowotchera njerwa, zimene mbaula ya pakhomo siikhudza mpang'ono pomwe. Ku Nanjoka, m'boma lathu lomwe lino, kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021, koma makomo ambiri oyandikana nawo akuphikirabe nkhuni, ndipo a m'tauni amene ali ndi magetsi amasungabe thumba la makala kuseri kwa chitseko poopa kuzimazima.

Kwa banja la kumudzi lophikira nkhuni, ndikuti igulidwe, ndipo ngati m'thumba mulola zigulidwe ziwiri, ina ya nsima ina ya ndiwo, chifukwa pakhomo pokhala ndi imodzi yokha mafuwa amayakabe pambali pake.