Intel kapena AMD pa kompyuta ya magemu: zimene ndaona kuno ku Blantyre

Sabata yathayi anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi. Wina pa WhatsApp, wina titakumana podikira minibasi pa Ginnery Corner, wachitatu ndi alamu anga amene akufuna kumangira mwana wawo kompyuta. Onse akuti: purosesa yabwino ya magemu ndi iti, nanga overclock, kuthamangitsa purosesa kuposa liwiro la kufakitale, ili ndi phindu? Ndaona kuti ndingolemba, wina akafunsanso ndizimulozera pano. Ndiyerekeza ziwiri zimene zagonapo m'nyumba mwanga ku Chilomoni, Core i7-13700K ya Intel ndi Ryzen 7 7800X3D ya AMD. Zoti ili ndi ma GHz angati zalembedwa kale pabokosi, sindichedwa nazo.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka, chifukwa ndi chimene sindifuna chikuchitikireni.

M'chaka cha 2023 ndinapita kwa mkulu wina wa ku Limbe amene amaoda zida za makompyuta ku Joni. Ndinamuuza mosabisa kuti ndikufuna purosesa yoti ndiziichita overclock. Iye anati, "Achimwene, tengani iyi, mukaona chilembo K kumapeto ndiye kuti ndi yotsegula." Pamenepo sananame. Koma anandiphatikizira bodi (motherboard) ya B760 ndi cooler yoziziritsa purosesa ya fani imodzi, nati zonse zikugwirizana. Ndinafika kunyumba madzulo, ndinayala zida patebulo la pabalaza, ndinamanga, Windows inalowa bwinobwino. Usiku womwewo ndinalowa mu BIOS, pulogalamu ya pa bodi yosinthira makonzedwe a kompyuta, kufuna kukweza CPU ratio, nambala yolamulira liwiro la purosesa, kuchoka pa 53 kufika pa 55. Ndikasintha n'kuyatsanso, HWiNFO, pulogalamu yoonetsa liwiro, kutentha ndi mawati a purosesa, inkandionetsa 5.3 GHz yomwe ija. Ndinalimbana nazo masiku atatu, ndikuganiza kuti pali pena pamene ndikulakwitsa.

Palibe pamene ndinkalakwitsa. Kwa Intel, chilembo K pachokha sichikwanira. Pamafunikanso bodi ya gulu la Z, ndiye kuti Z690 kapena Z790 pa mapurosesa a m'badwo wa 12 mpaka 14. Bodi ya B760 imakulolani kuthamangitsa RAM kudzera mu XMP, makonzedwe a liwiro amene amabwera ndi RAM yomweyo, koma kukweza ratio ya purosesa ayi. Wogulitsa uja ankadziwa zimenezi, ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Nditabwerera kukadandaula anangoti, "Bokosi mwatsegula kale, ndikagulitsa kwa ndani?" Mpaka lero ndikadutsa pa shopu yake mtima umandiwawa, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma poti ndinamuuza chimene ndimafuna ndipo anangokhala chete kuti katundu wake atuluke.

Ndinaitanitsa Z790 kudzera mwa munthu wina. Tsoka lake, mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ine ndisanamalize kulipira. Mtengo unali wa marandi, ndiye munthu angaganize yekha mmene unadumphira. Onjezanipo ya basi yonyamula katundu ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza. Ndalama zimene sindinaziwerengere poyamba zinatsala pang'ono kufanana ndi za purosesa yeniyeniyo.

Kumbali ya AMD nkhani imeneyi kulibe. Bodi wamba ya B650 imalola zonse, simukakamizidwa kugula X670 pokhapokha mukufuna malo ambiri olowetsa zinthu. Pa mfundo iyi yokha AMD yapambana kutali.

Tsopano kutentha. Walira mvula walira matope. Bodi yatsopano itafika ndinakwezadi kufika pa 5.5 GHz, koma 13700K ikapatsidwa ntchito yolemera imaloledwa kukoka mawati 253 isanachitidwe n'komwe overclock. Mphamvu yonseyo imasanduka moto umene uyenera kutuluka m'kesi. Ndikayatsa Cinebench R23, pulogalamu yoyesera mphamvu za purosesa, pasanathe mphindi purosesa inali itafika madigiri 100, amene ndi malire ake, kenaka n'kudzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Ndiye overclock ija inali ya dzina chabe. Ndinagula cooler ya madzi ya mamilimita 360. Sinakwane m'kesi yanga. Ndinagulanso kesi.

Azungu amene timawaonera pa YouTube amayesa zinthuzi m'zipinda zozizira za air conditioner. Ife timasewera m'chipinda cha malata mwezi wa October, pamene ngakhale fani ya padenga ikungozunguliza mpweya wotentha. Mpweya wolowa m'kesi ukatentha ndi madigiri khumi, purosesa nayo imakwera pafupifupi chimodzimodzi. Anzathu a ku Chileka ndi ku Lunzu akudziwa bwino kuposa ine. Ndiye pali fumbi. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, radiator ya cooler ya madzi imagwira fumbi ngati sefa ya ufa. Overclock imene inali yokhazikika mu June, nthawi ya chiperoni, inayamba kundithimitsira gemu mu October.

Nanga phindu lake linali lotani? Kuchoka pa 5.3 kufika pa 5.5 GHz sikufika ngakhale 4 peresenti. Pa Cinebench nambala inakwera pang'ono, ndinasangalala tsiku limodzi. M'magemu a Warzone ndi Counter-Strike 2 maso anga sanaone kusiyana kulikonse. Mapurosesa a masiku ano amatuluka kufakitale atakankhidwa kale pafupi ndi malire awo, si ngati kale lija la i5-2500K pamene munthu ankakwera kuchoka pa 3.3 kufika pa 4.5 GHz ndi cooler wamba. Ambiri amene amafunsa za overclock akukumbukira nthawi imeneyo.

7800X3D ndinaigula chaka chotsatira, ndipo imagwira ntchito mwanjira ina. Ili ndi ma core, timagawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa, 8 okha pamene 13700K ili ndi 16, liwiro lakenso ndi locheperapo. Chinsinsi chake ndi cache: ili ndi 96 MB ya L3, inzakeyo ili ndi 30 MB. Cache ili ngati ufa umene uli kale m'khitchini. Ukakhala wambiri, wophika sathamangira kugolosale pafupipafupi. Gemu imafuna tinthu tambirimbiri mobwerezabwereza, ndipo purosesa ikatipeza pafupi osakatenga ku RAM, zithunzi zimayenda mosadukiza. Chimene ndinachiona msanga si nambala yapamwamba ya fps, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, koma kutha kwa kudodoma kuja kumene kumabwera adani akachuluka malo amodzi.

Koma chimene chinandigula mtima ndi magetsi. Pa gemu, HWiNFO kawirikawiri simandionetsa purosesayi ikudutsa mawati 80, pamene Intel ija inkadutsa 100 mosavuta, ndipo pa ntchito yolemera inkapitirira 250. Kwa munthu wa ku Ulaya kusiyana kumeneku ndi bilu chabe. Kwa ife ndi nkhani ya inveta. Yanga ndi ya 1 kVA. Magetsi akathima ndili pakati pa gemu ndi kompyuta yakale ija, pamodzi ndi graphics card, monitor ndi rauta, inveta inkayamba kulira nthawi yomweyo, ndipo ndinkathamangira kuzimitsa. Pano magetsi akapita ndimamaliza mpikisano wanga, ndimasunga zonse, mabatire akadali ndi moto woti ana aonere TV. Mayunitsi nawonso akukhalitsako. Cooler ya madzi ija ndinagulitsa, ndikugwiritsa ntchito ya mpweya ya mafani awiri, imene ilibe pampu yoti tsiku lina ingafe.

Kodi 7800X3D imachitika overclock? Mwa njira yakale ija ayi. Ratio yake ndi yotseka, chifukwa cache inasanjikidwa pamwamba pa ma core ndipo sipirira voteji yambiri, n'chifukwa chake malire a kutentha anawaika pa madigiri 89. Chimene timachita n'chosiyana: timachepetsa voteji. Mu BIOS pitani pa Precision Boost Overdrive, mupeze Curve Optimizer, musankhe negative. Yambani ndi 10, yesani, kenaka 15, kenaka 20. Voteji ikachepa purosesa imazizira, ikazizira imakhalitsa pa liwiro lake lapamwamba. Yanga inakhazikika pa 20, nditafika pa 30 inayamba kuzima. Ya mnzanu ikalola 30 musadabwe kuti yanu yakana, mapurosesa a dzina limodzi sabadwa ofanana.

Apa dekhani. Kuyesa ndi Cinebench kokha sikokwanira, chifukwa voteji ikachepa mopitirira, kompyuta imakonda kuzima pamene sikugwira ntchito yolemera, mwina mukungowerenga nkhani pa intaneti. Ine ndimayendetsa OCCT, pulogalamu yoyesa ngati kompyuta ili yokhazikika, kwa ola lathunthu, kenaka ndimagwiritsa ntchito kompyuta masiku atatu monga mwa nthawi zonse ndisanatsikenso. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo muzilemba papepala chimene mwasintha. Dziwaninso pamene pali batani kapena timapini ta Clear CMOS, tobwezera BIOS mwakale, pa bodi yanu musanayambe, kuti ikakana kuyaka musachite mantha.

Overclock imene aliyense ayenera kuchita ndi ya RAM. Ndaona makompyuta angapo muno m'tauni, eni ake anagula DDR5-6000 yodula koma ikuyenda pa 4800 chifukwa palibe anayatsa EXPO, kapena XMP kwa a Intel. N'kungodina malo amodzi mu BIOS. Pa Ryzen 7000, DDR5-6000 CL30 ndiyo imagwirizana nayo bwino, ndipo phindu lake limaposa la masiku onse amene ndinataya pofuna 5.5 GHz.

Ndisakhale ngati ndikubisa zolakwika za mbali imene ndimaikonda. Mu April 2023 mapurosesa ena a 7800X3D anapsa m'mabodi chifukwa voteji ya SoC, gawo la purosesa loyendetsa RAM ndi zina, inkakwera kwambiri, ndipo AMD inaika malire a 1.3 V kudzera mu BIOS yatsopano. Intel nayo inali ndi vuto lake lalikulu mu 2024, pamene mapurosesa a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka i9-13900K ndi i9-14900K, ankafooka pang'onopang'ono chifukwa chopempha voteji yochuluka. Anatulutsa microcode, timalamulo ta purosesa tobwera mu BIOS yatsopano, 0x129 mu August ndi 0x12B mu September chaka chomwecho, nawonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Koma purosesa imene inawonongeka kale sichira ndi BIOS yatsopano. Yanga sinadwale matendawa, ndinene zoona. Komabe waranti imeneyo itithandiza bwanji kuno? Lisiti lili m'dzina la munthu wina, shopu ili ku Johannesburg, ndipo wokubweretserani uja foni sakuyankha. N'chifukwa chake mukaona i9 ya m'badwo wa 13 kapena 14 yogwiritsidwapo kale ntchito ikutsatsidwa motchipa pa Facebook, musaithamangire. Simudziwa kuti yadya voteji yotani.

Mbali zonse ziwiri, BIOS ikhale yatsopano. Koma chonde musaisinthe kompyuta ili pa magetsi a pakhoma okha. Akathima pakati pa ntchitoyo bodi ikhoza kufa. Lumikizani pa UPS kapena inveta, ndipo pogula bodi sankhani yokhala ndi batani la BIOS Flashback kumbuyo, loikira BIOS kuchokera pa flash disk ngakhale kompyuta ikukana kuyaka.

Pali pamene Intel imapambana. 13700K yanga ndinagulitsa kwa mnzanga wa ku Namiwawa amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo pokonza mavidiyo ma core 16 aja pamodzi ndi Quick Sync, gawo la purosesa ya Intel lofulumizitsa mavidiyo, amaisiya 7800X3D kumbuyo. Iye sanaichite overclock, anaichepetsera malire a mawati, ndipo akusangalala nayo. Chinanso, pa LGA1700, soketi imene 13700K imalowamo, pali mabodi olandira RAM ya DDR4, pamene AM5, soketi ya 7800X3D, imafuna DDR5 basi, ndiye amene ali kale ndi RAM yakale akhoza kupulumutsa ndalama.

Za m'tsogolo ndi zachidule. LGA1700 inathera pa m'badwo wa 14, ma Core Ultra amene anatuluka mu October 2024 amafuna soketi ina, LGA1851. AMD inalonjeza kusunga AM5 mpaka 2027 ndi kupitirira. Bodi yanga ya B650 ikhoza kulandira Ryzen 7 9800X3D, imene inatuluka mu November 2024 pa madola 479. Pa imeneyo cache anaiika pansi pa ma core, ndiye imazizira bwino ndipo ndi yotsegula, amene mtima wake uli pa overclock yeniyeni apite kumeneko. Amene muli ndi bodi ya B450 kapena B550 musataye, mukapeza 5700X3D ikani, kompyuta idzakhala ngati yatsopano.

Ping yokha, kuchedwa kwa uthenga pakati pa kompyuta yanu ndi seva ya gemu, palibe purosesa ingaichize. Maseva apafupi ali ku South Africa, ena ku Ulaya, imeneyo ndi nkhani ya intaneti yanu.

Alamu anga ndawauza kuti mwana wosewera EA Sports FC ndi Fortnite safunika chilichonse mwa ziwirizi. Agule Ryzen 5 7600, ya mawati 65, imene imabwera ndi cooler yake m'bokosi, aike pa B650, ndalama zotsala zipite ku graphics card, power supply yodalirika ndi UPS. Awiri enawo, amene amasewera pa monitor ya 144 Hz kupita m'mwamba, ndawauza atenge purosesa ya AMD ya gulu la X3D. Ndipo onse atatu ndawauza kuti asanapereke ndalama alembetse dzina lonse la bodi papepala, anditumizire chithunzi chake ndione kaye.