Labu ya ku Avenues mu Harare komwe tinakayezetsa magazi a mtima

Amayi a ku Mabvuku amene munandifunsa kutchalitchi za labu ija, nkhani yake ndi iyi. Tinapita ndi bambo a kunyumba Lachiwiri, kombi mpaka m'tauni kenako wapansi. Sikuti tikudwala ayi, koma bambo anga ondibereka anagwa mwadzidzidzi ndi mtima ndiye mantha sanandichokebe.

Malo ndi aukhondo, sisita wake dzanja lofewa singano sindinaimve nkomwe. Mtengo ndiye wowawa, konzekerani madola.

Mawa lake zotsatira zafika pa WhatsApp, ife busy kufananitsa mapepala. NT-proBNP yanga (imene imakwera m'magazi mtima ukamapanikizika) yaposa ya bambo a kunyumba, CK yawo (imene imakwera minofu ikavulala) yadutsa malire mpaka yalembedwa mofiira. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi adokotala a pomwepo, anatipatsa nthawi osatithamangitsa. Akuti mayi musamayerekeze pepala lanu ndi la bambowa, anthu awiri abwinobwino manambala amasiyana. NT-proBNP imakhala yokwererapo mwa azimayi, imakweranso munthu akamakula, pomwe mwa anthu onenepa imatsika, ndipo yanga inali pansi pa 125 yomwe amayamba kuikayikira. CK imachokeranso m'minofu wamba osati mtima wokha, azibambo achikuda imakhala yokwera kale mwachibadwa, nanga bambowa amanyamula matumba ku msika wa Mbare Musika tsiku ndi tsiku. Troponin nayo, imene imakwera m'magazi mnofu wa mtima ukavulala, akuti pa makina a kampani ya Abbott malire a mzimayi ndi 16 pomwe a mwamuna ndi 34, wothamanga mtunda wautali kapena wa impso zofooka imakwera, nchifukwa chake munthu akabwera ndi chifuwa chopweteka amayeza kawiri patapita maola angapo kuona ngati ikusintha.

Chondiwawa nchakuti zonsezi tinazimva titazunzika kale usiku wonse. Bwanji kutumiza pepala lofiira pafoni opanda ndi mawu amodzi omwe? Komanso palibe anafunsa bambowa ntchito yomwe amagwira asanatenge magazi, akanafunsa akanawauza kuti ayambe apuma. Pano akuyenera kupuma masiku angapo nkukayezetsanso CK, ndalama ina imeneyo ndi ganyu yemwe watayika.

Ndingabwerereko, inde, chifukwa cha adokotala aja. Koma mukapita auzeni kuti zotsatira mudzatenga pamanja adokotala ali pomwepo, za WhatsApp ayi.